Banzi la asodzi a ku Aberdeen ndi phunziro la mafuta

M'kalasi yathu ya zophikaphika tafika pa funso loti n'chifukwa chiyani buledi wina amauma msanga pomwe wina amakhalitsa. Chitsanzo chimene chandithandiza kumvetsa ndi banzi la ku Aberdeen, mzinda wa padoko kumpoto chakum'mawa kwa Scotland, kwawo kwa Robert Laws wa ku Livingstonia uja, amene anabadwira kumeneko mu 1851. Eni ake amalitcha rowie kapena buttery. Ndi lophwatalala, la mchere wambiri, maonekedwe ake osakopa, ndipo ukaligwira mafuta amatsalira m'zala.

Anthu akumeneko amati ankaphikira asodzi opita kukakhala masiku ambiri panyanja ya North Sea. Zikumveka ndithu. Munthu wokoka ukonde m'chisanu amafuna chakudya chopatsa mphamvu, chosauma msanga, ndipo mafuta amachita zonse ziwiri, chifukwa amachedwetsa buledi kulimba.

Pamene ndakhalitsa kwambiri ndi pa kapangidwe kake. Umakanda ufa wa tirigu, yisiti, madzi ndi mchere, n'kudikira kuti zifufume. Kenako umasakaniza batala ndi mafuta a nkhumba, n'kugawa patatu. Gawo lililonse umalipaka pa ufa wokanda uja utauyala, n'kupinda, n'kuyika mufiriji usanabwerezenso. Kupindaku kumafanana ndi kwa croissant, banzi la ku France la timagawo topyapyala mkati, koma rowie safuna ulemu wonsewo. Pomaliza umangomukanikiza ndi zala. Batala ali ndi madzi pang'ono, amene mu uvuni amasanduka nthunzi n'kulekanitsa timagawo ta mkati. Mafuta a nkhumba alibe madzi, ntchito yawo ndi kufewetsa ndi kukometsa. Ufa ukatentha uli m'manja, mafuta amasungunuka n'kulowerera, timagawo tija osaonekanso. Ndiye kuno kwathu, mu Okutobala, wopanda firiji asadzivutitse.

Masiku ano mabekale ambiri akuluakulu amagwiritsa ntchito mafuta a zomera, kuphatikizapo a kanjedza, pofuna kutsitsa mtengo. Izi zinadandaulitsa anthu ena mpaka mu 2018 ku Aberdeen kunachitika mpikisano wa World Buttery Championship wolimbikitsa kaphikidwe kakale. Ine ndili mbali yawo pa za kukoma, ngakhale ndikuwamvetsa osadya nkhumba, komanso adokotala amene amadandaula ndi mchere ndi mafuta ochuluka chonchi kwa munthu wongokhala mu ofesi, n'kumapakanso jamu pamwamba.