Ndalama yolonjezedwa payokha, yofika payokha

Ndimasunga mabuku a ndalama ku bungwe laling'ono kuno ku Blantyre, lomwe linayamba kuthandiza mabanja a ku Chilobwe namondwe wa Freddy atawononga mu Malichi 2023. Amene amatithandiza ndi ndalama anatiuza kuti zonse tizilowetsa mu pulogalamu ya pa kompyuta yotsata ndondomeko ya IATI, yomwe mabungwe padziko lonse amagwiritsa ntchito poonetsa poyera momwe ndalama za chithandizo zikuyendera.

Ndimayamba ndi mgwirizano. Ukangosainidwa, ndimatsegula gawo la planned disbursement, la ndalama zolonjezedwa, n'kulemba tsiku loyambira ndi lothera la nyengo yomwe tikuziyembekezera, kuchuluka kwa ndalama, kaya ndi madola kapena makwacha, amene adzapereke ndi amene adzalandire. Ngati ndalama izibwera kanayi pachaka, mizere imakhalanso inayi. Apa palibe ngakhale tambala yomwe yayenda, ndi lonjezo chabe.

Kenako ndimadikira sitetimenti ya kubanki. Imelo yoti "tatumiza" sindiyiwerengera. Ndalama ikaoneka mu akaunti, ndimapita ku transactions, n'kusankha incoming funds, n'kulemba tsiku lenileni lomwe yalowa ndi ndalama yeniyeni yomwe yafika. Nthawi zambiri imafika itaperewera pang'ono chifukwa mabanki a m'njira amadulapo yawo. Ndimalemba yoperewerayo momwe ilili.

Poyamba ndinkalakwitsa pomwepa. Ndalama ikafika ndinkabwerera ku mzere wa lonjezo uja n'kusintha nambala kuti zifanane, poganiza kuti ndikukonza bwino. Tsiku lina abwana anga anandifunsa kuti, "Amayi, chigawo chachitatu chija chinachedwa masiku angati?" Ndinasowa chonena, chifukwa tsiku lomwe tinkachiyembekezera ndinali nditalifufuta ndi manja anga. Ndinatha masiku awiri ndikufufuza m'mafayilo kuti ndibwezeretse zonse. Kusiyana kwa mizere iwiriyo n'kumene kumafotokoza chifukwa chomwe malata sanagulidwe mvula isanayambe, ndipo banja lomwe linagona m'tenti liyenera kuyankhidwa zoona.

Chinanso chomwe chimandidetsa nkhawa ndi kabokosi ka value date, ka tsiku lomwe pulogalamu imatengera mtengo wosinthira ndalama, komwe ambiri amangokadzaza mothamanga. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Madola omwewo, ofika sabata imodzi kugwako kusanachitike kapena kutachitika, anali makwacha osiyana kutalitali. Tsikulo likalakwika, pulogalamu imasintha ndalama ndi mtengo wolakwika, lipoti n'kuoneka ngati wina wadya ndalama pomwe palibe wakhudzako.

Tikamapereka ndalama ku kagulu komwe timagwira nako ntchito, ndimasankha disbursement. Tikagula tokha simenti ku Limbe, imeneyo ndi expenditure. Ziwirizi sindizisakaniza, kuopa kuwerengera ndalama imodzi kawiri.

Mwezi ukatha ndimayala sitetimenti pambali pa kompyuta, n'kumachonga ndi bolopeni mzere ndi mzere, kenako ndimaitana mnzanga kuti aonenso ndisanatumize.