Kutitimira kuli mitundu iwiri: zimene ndaphunzira pa Day of the Tentacle

Gemu ya Day of the Tentacle inatuluka mu 1993, ndipo munthu wodziwa mayankho onse atha kuimaliza madzulo amodzi. Gulu lathu la pa intaneti linasankha kuitenga mwachifatse, kachigawo kamodzi pa mlungu. Aliyense ankasewera payekha, kenako n'kukumana kuti tikambirane pamene tafika. Tinapangana kuti wina asathamangire kukawerenga mayankho, ngakhale ali mbwee pa intaneti. Ine ndinalowa m'gululi kuti ndizipumitsako mutu ku mabuku, koma ndatulukamo ndi phunziro lokhudza mabuku omwewo: kutitimira pa vuto kuli mitundu iwiri, ndipo thandizo lopulumutsa munthu pa mtundu umodzi limamulanda chinthu pa mtundu winawo.

Ndifotokoze kaye gemuyo. Inapangidwa ndi kampani ya LucasArts, ndipo anatsogolera ntchitoyo ndi Dave Grossman ndi Tim Schafer. Ndi yotsatira ya Maniac Mansion ya mu 1987. Nkhani yake imayamba pamene chamoyo china chotchedwa Purple Tentacle, chooneka ngati mkono umodzi wa octopus woyenda pawokha, chamwa madzi a poizoni otuluka kuseri kwa nyumba ya wasayansi Dr. Fred Edison. Chimamera timikono, nzeru n'kuchuluka, n'kuganiza zolanda dziko lonse. Dr. Fred amatumiza achinyamata atatu, Bernard, Hoagie ndi Laverne, kuti abwerere dzulo akatseke mpope wa poizoniwo. Makina ake oyendera m'nthawi anawapanga kuchokera ku zimbudzi zonyamulika, ndipo amafuna dayamondi kuti agwire ntchito. Dayamondi amene anaikamo anali wachinyengo. Amasweka ali pa ulendo, ndiye Hoagie amakagwera zaka 200 m'mbuyo, Laverne zaka 200 m'tsogolo, Bernard n'kubwerera pomwe anali. Onse atatu ali m'nyumba imodzimodzi, koma nthawi zosiyana. Chimene angathe ndi kutumizirana tinthu ting'onoting'ono topanda moyo kudzera m'zimbudzi zija.

Kasewero kake ndi kophweka. M'munsi mwa sikirini muli zochita zisanu ndi zinayi: kupatsa, kutola, kugwiritsa ntchito, kutsegula, kutseka, kuyang'ana, kukankha, kukoka ndi kulankhula. Umasankha chochita, n'kuloza chinthu. Palibe kuthamangitsana kapena kuwomberana. Chachikulu kwa ine n'chakuti mu gemuyi sungafe, ndiponso sungachite chinthu chimene chingakutsekere njira yomalizira. Ron Gilbert, mmodzi mwa amene anapanga Maniac Mansion, analemba mu 1989 zodzudzula magemu opha wosewera mosamuchenjeza, ndipo magemu ambiri a LucasArts otsatira anatsata maganizo amenewo, pamene a kampani ya Sierra ankadziwika ndi imfa zadzidzidzi. Choncho ukatitimira mu Day of the Tentacle umadziwa kuti yankho lilipo ndithu, ndipo zonse zofunika ungathe kuzifikira. Chasowa chili m'mutu mwako basi.

Mtundu woyamba wa kutitimira ndinauona bwino pa nkhani ya viniga. Kuti makina a Hoagie ayake, pamafunika batire, ndipo wopanga batireyo amafuna mafuta, golide ndi viniga. Mafuta sachedwa kupezeka. Viniga mulibe m'nyumba monse. Muli botolo la vinyo, komanso muli Thomas Jefferson, mmodzi wa atsogoleri amene anakhazikitsa dziko la America, amene akukonza bokosi losungiramo zinthu zoti anthu a m'tsogolo adzatsegule, ndipo akufuna choikamo. Zinthu zitatuzi umaziona zonse: botolo, bokosi, ndi Laverne amene ali zaka 400 kutsogolo kwa Hoagie. Palibe chobisika. Chotsala n'kukumbukira kuti vinyo akakhalitsa amasasa, chifukwa tizilombo tina timasandutsa mowa wa m'vinyomo kukhala asidi mpweya ukamalowa. Ukangokumbukira zimenezo, njira yonse imaoneka nthawi imodzi: mpatse Jefferson botolo, Laverne akatsegule bokosilo, atumize viniga m'mbuyo.

Tsiku limene tinkakambirana chigawo chimenechi, mnyamata wina m'gulumo anali atathedwa nzeru, ndipo anapempha kuti angouzidwa. Amayi amene ankatsogolera zokambirana, omwe anasewera gemuyi koyamba ali mtsikana, sanamuuze. Anangomufunsa kuti, "Kodi viniga amachokera kuti, achimwene? Musaganize za gemu, ganizani za kukhitchini." Panadutsa kamphindi ali zii. Kenako tinangomva akuwomba m'manja, mawu akuthamangitsana m'kamwa pofotokoza za bokosi la Jefferson, chikhalirecho palibe amene analitchula. Akanauzidwa yankho akanapitirira ndi gemu, inde, koma akanataya chinthu chimene gemuyi inapangidwira, chomwe ndi kuzolowera kuganiza kuti nthawi nayonso ndi chida chogwiritsa ntchito. Umboni wake unaoneka milungu yotsatira: iye ndi amene ankayamba kutulukira mayankho ena a mtundu womwewo.

Mtundu wachiwiri ndi wosiyana kotheratu, ndipo ndi umene unanditengera nthawi kuuzindikira kuti ndi mtundu pawokha. Laverne amafika m'tsogolo atakodwa pa nthambi ya mtengo, lendelende, osatha kutsika. Mtengo womwewo uliponso m'nthawi ya Hoagie, wa zipatso zazing'ono zotchedwa kumquat. Zoti mtengowo ukadulidwa kale Laverne adzagwa pansi m'tsogolo, aliyense anaziona msanga. Funso linali lakuti audule ndani. Yankho lake n'lakuti upake zipatsozo penti yofiira kuti zioneke ngati matcheri, kenako ukamutokose ndi mawu George Washington, amene anadzakhala pulezidenti woyamba wa America, iye n'kutuluka ndi nkhwangwa. Kwa munthu amene anakulira ku America zimenezi n'zosachita kufunsa, chifukwa kumeneko ana amamva nthano yakuti Washington ali mwana anadula mtengo wa matcheri wa bambo ake, ndipo atafunsidwa anavomera chifukwa sakanatha kunama. Gemuyo imaitchulako nkhaniyi polankhula ndi Washington, koma imaitchula ngati chinthu chimene ukudziwa kale. Ngati sunaimvepo, mawuwo amangodutsa.

Chimodzimodzinso ndi mvula. Batire ija imafunika kutchajidwa ndi mphezi kudzera pa kaiti ya wasayansi Benjamin Franklin, koma kumwamba kuli mbee. Njira yobweretsera mitambo ndi kutsuka ngolo yakuda imene ili panja, potengera kanthabwala ka eni magalimoto koti ukangotsuka galimoto mvula imagwa. Apa ndiye ungakhale mwezi wathunthu ukusinkhasinkha. Palibe njira yochokera pa ndowa, sopo ndi burashi kukafika ku mitambo ngati kanthabwalako sunakamvepo. Ena m'gulu anadutsapo mwangozi, pongoyesa chilichonse pa chilichonse, ndipo kudutsa kotero sikukuphunzitsa kanthu.

Pa mfundo ngati zimenezi, kukana kumuuza mnzako si kumulemekeza ayi, ndi kumuzunza. Iye sakusowa kuganiza, akusowa chidziwitso chimene sichili m'mutu mwake ndipo sichingamere chokha. Amayi aja ankadziwa kusiyanitsa. Pa nkhani ya mtengo sanafunse mafunso ozungulira. Anatifotokozera nthano ya Washington yonse mosabisa, n'kutisiya tokha kuti tione chochita ndi penti. Anatipatsa chimene sitikanachipeza, n'kutisiyira chimene tikanatha.

Kuyambira pamenepo gulu linazolowera kuti munthu akati watitimira, choyamba azifotokoza zimene wayesa ndi chifukwa chake. Pakufotokozapo m'pamene zimaoneka kuti ali pa mtundu uti. Wina amatchula zinthu zonse zoyenera koma sanazilumikize. Ameneyo umangomutsina khutu ndi funso limodzi. Wina maganizo ake ali bwinobwino koma pali dzenje limene iye sakuliona n'komwe, ameneyo muuze. Nditawerenga za mbiri ya magemuwa ndinapeza kuti akale analingalirapo kale za kathandizidwe kotere. Kampani ya Infocom inkagulitsa timabuku ta mayankho olembedwa ndi inki yosaoneka, ndipo munthu ankavundukula mzere umodzi umodzi ndi cholembera chapadera, kuyambira pa kulozera chabe mpaka pa yankho lenileni. Koma kabuku sikangamve kufotokoza kwako n'kudziwa chimene ukusowa. Munthu yekha ndi amene angatero, ndipo n'chifukwa chake ndimati kusewera pagulu kunaposa kusewera ndekha ndi mayankho pambali.

Nthano ya matcheri inandikokera ku mabuku a mbiri ya America, ndipo kumeneko ndinakhalitsako. Nkhaniyo inachokera kwa Mason Locke Weems, amene anaiwonjezera mu 1806 m'buku lake lofotokoza moyo wa Washington, mwini wake atamwalira kale mu 1799, ndipo akatswiri a mbiri amaitenga ngati yopeka. Gemuyo imasonkhanitsa Washington, Jefferson ndi mtsogoleri mnzawo John Hancock m'chipinda chimodzi akulemba malamulo aakulu a dziko. Zoona zake n'zakuti malamulowo analembedwa ku Philadelphia mu 1787, Jefferson ali ku Paris monga kazembe, ndipo Hancock sanali nawo pa msonkhanowo. Nkhani ya kaiti ya Franklin ndi ya mu 1752, zaka 35 m'mbuyo mwake. Betsy Ross, amene mu gemuyo amasoka mbendera, anatchuka chifukwa cha zimene mdzukulu wake anafotokoza mu 1870, ndipo umboni wolembedwa wa nthawi yake woti ndiye anasoka mbendera yoyamba palibe. Sindikuwadzudzula opanga gemuyo. Iwo ankaseweretsa dala mbiri imene ana asukulu akwawo amaloweza. Koma ine wochokera kunja kwa mbiri imeneyo ndinayenera kuphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi, nthano ndi zoona zake, ndipo ndinasangalala kuti m'gulu munali anthu otha kundiuza kuti apa ndi nthabwala, apa ndi zenizeni.

Chigawo chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha kanyama konga mbewa kotchedwa hamster, chifukwa chimafuna zonse zimene waphunzira. Laverne akufuna magetsi, ndipo jenereta yake imayenda kanyamako kakamathamanga pa gudumu. Kanyamako kali m'nthawi ya Bernard, ndipo chamoyo sichidutsa m'chimbudzi chija. Ndiye Bernard amakaika m'makina oundanitsa madzi, Laverne n'kukapeza patatha zaka 200 kali gwa, n'kukasungunula. Kamatuluka konyowa, kakunjenjemera, kosatha kuthamanga. Bernard amaponya juzi m'makina oumitsira zovala n'kuthiramo makobidi ambirimbiri kuti azingozungulira, ndipo pofika nthawi ya Laverne juziyo yafota mpaka kukwana kanyamako. Kenako kamathawira mu una, ndipo chokatulutsira ndi makina opopa fumbi, amene amapezeka pamenepo chifukwa Hoagie anazembetsa kapepala kotsatsa makinawo m'bokosi la maganizo a olemba malamulo, n'kusanduka lamulo la dziko. Pofika apa panalibe amene anapempha yankho. Tinali titadziwa kufunsa tokha kuti: chinthu ichi ndikachisiya pano, adzachipeza ndani, ndipo chidzakhala chitasintha bwanji?

Kusiyanitsa kumeneku ndakutengera ku maphunziro anga. Ndikakhala pa funso la masamu limene likukana, ndimayamba ndadzifunsa ngati pali tanthauzo kapena lamulo limene sindinaphunzirepo. Ngati lilipo, ndimatsegula buku kapena kufunsa nthawi yomweyo, chifukwa kukhalira kuyang'ana pepala sikungandibweretsere chinthu chimene sindinamvepo. Ngati zonse ndikuzidziwa, ndimatseka tsamba la mayankho n'kupirira. Pothandiza anzanga nakonso ndasintha. Ndimayamba ndi kuti, "Tandiuzani mwayesa chiyani," ndipo ndimamvetsera mpaka amalize. Nthawi zambiri amapeza yankho ali pakati pofotokoza.

Tsopano gulu lili pa mtsutso wina. M'chipinda china cha nyumba ija muli kompyuta, ndipo ukaigwiritsa ntchito umapeza Maniac Mansion yonse yathunthu, yoseweredwa mkati mwa gemu inzake. Ilimonso mu Day of the Tentacle yokonzedwanso imene kampani ya Double Fine inatulutsa mu 2016. Ambiri akufuna kuti tiisewere ndi pangano lomwe lija. Ine ndikukana. Maniac Mansion inapangidwa malamulo achifundo aja asanakhazikike: anthu ako atha kufa, ndipo utha kuwononga chinthu chofunika n'kupitiriza kusewera maola ambiri osadziwa kuti njira yomalizira inatsekeka kale. Kumeneko ndi kutitimira kwa mtundu wachitatu, kumene munthu sadziwa n'komwe kuti watitimira, choncho sangabwere kudzapempha thandizo. Ndapempha kuti amene anaimalizapo aziloledwa kulankhula asanafunsidwe akaona mnzawo akulowera kotsekeka, angonena kuti "sungani gemu yanu apa musanapitirire", osaulula chifukwa chake. Amayi aja avomera kuti tiyese choncho pa chigawo choyamba, kenako tidzakambiranenso.