Sensa ya Madzi a Injini Ikamauza Kompyuta Zabodza

Galimoto yanga inayamba kumwa petulo mopitirira muyeso, ndipo ikathamanga kwa kanthawi inkatulutsa utsi wakuda wonunkha mafuta osapsa bwino. M'mawa inkalira msanga, koma ndikaizimitsa kwa mphindi zochepa pambuyo pa ulendo wautali, inkavuta kulira mpaka nditaponda mafuta. Nditamasula pulagi imodzi ndinapeza nsonga yake ili bii ndi mwaye wouma, ndipo m'pamene ndinayamba kukayikira sensa yoyeza kutentha kwa madzi oziziritsa injini.

Sensayi ndi kachipangizo kakang'ono ka mawaya awiri kamene kawirikawiri kamakhala pafupi ndi thermostat (kavavu kamene kamatsegulira madzi njira yopita ku rediyeta injini ikatentha), nsonga yake ili m'madzi. Madzi akamatentha, mphamvu yake yotchinga magetsi, imene amakaniko amaitcha resistance, imatsika. Kompyuta ya galimoto imatumiza magetsi a 5V pa waya wa sensayo, n'kumaona mmene akusinthira kuti idziwe kuchuluka kwa petulo wofunika. Ikauzidwa kuti injini ikadali yozizira imawonjezera mafuta, monga mmene choke inkachitira m'galimoto zakale, ndipo sikhala ndi chifukwa choyatsira fani yoziziritsa rediyeta ngakhale madzi atatsala pang'ono kuwira. Zimenezi n'zimene zinandiopsa kuposa kutha kwa petulo.

Muvi woonetsa kutentha wa pa dashibodi sunandithandize chifukwa pa galimoto yangayi uli ndi sensa yakeyake, choncho unkaloza pakati monga mwa masiku onse. Nyali ya check engine itayaka, makina a OBD-II, owerengera zimene kompyuta ya galimoto ikuona, anaonetsa P0128, nambala yotanthauza kuti madzi sakutentha mokwanira, imene ambiri akaiona amathamangira kusintha thermostat. Koma paipi ya pamwamba ya rediyeta inkangotentha pang'ono poyamba, kenako n'kutentha kwambiri mwadzidzidzi injini itafika pake, zimene zinasonyeza kuti thermostat ikutseguka pa nthawi yake. Madzi nawonso anali okwanira, zimene ndinaona injini itazizira, pakuti kutsegula chivindikiro cha rediyeta yotentha n'kudziputira mabala.

Galimoto itagona usiku wonse ndinayerekezera kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya wolowa mu injini, poti ziwirizi ziyenera kufanana injini isanalire. Mpweya unali pa madigiri 20, madzi pa 15. Kusiyana kwake kunaoneka kochepa moti ndikanakunyalanyaza, koma nditayenda kwa theka la ola, makinawo anakakamira pa madigiri 50 pamene injini inali itatentha kale.

Ndinamasula sensayo n'kuiyeza ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Ili yozizira inaonetsa resistance ya ma ohm pafupifupi 2,500, ndipo nditaviika nsonga yake m'poto wa madzi amene ndinkawatenthetsa pang'onopang'ono, nambala inatsika bwinobwino mosadumphadumpha mpaka cha m'ma 300 pa madigiri 80. Nambala zoterezi ndi zimene masensa ambiri a mtundu umenewu amapereka, ngakhale kuti buku la galimoto yanu ndi limene liyenera kugamula. Sensa imene ndinkaiimba mlandu inalibe vuto lililonse.

Vuto linali m'kasoketi kamene mawaya amalumikizirana ndi sensa. Nditawunika ndi tochi ndinaona timano take tiwiri titachita dzimbiri lobiriwira, ndipo kamphira kotchinga chinyezi kanali katang'ambika. Dzimbirilo linkawonjezera ma ohm mazana angapo panjira ya magetsi. Injini ikakhala yozizira, mazana amenewo amabisala m'kati mwa 2,500, n'chifukwa chake galimoto inkalira bwino m'mawa. Ikatentha, pamene sensa yeniyeniyo imatsika kufika pansi pa 300, kompyuta inkaona nambala yoposa kawiri kapena katatu, n'kumaganiza kuti madzi akadali ofunda chabe. Waya ukanaduka kotheratu ntchito ikanaphweka, chifukwa makina ambiri amaonetsa madigiri 40 pansi pa ziro limodzi ndi P0118, nambala yoloza vuto panjira ya magetsi ya sensayo.

Ndinadula kasoketi kakaleko n'kulumikiza katsopano, ndinabwezera sensa yomwe ija, kenako ndinawonjezera madzi amene anatayika ndi kutulutsa mpweya umene unalowa, popeza sensa imene yazunguliridwa ndi mpweya siyeza zoona. Nditailiza, nambala inakwera mpaka kupitirira madigiri 90, ndipo patapita mphindi zingapo fani inayamba kuzungulira yokha.