Zikomo kwa onse amene munandipirira mpaka chilonda chapola

Sabata yatha anamwino anandimasula bandeji komaliza, ndipo pamene panali chilonda kwa miyezi 14 pangotsala chipsera chakuda. Ndalemba mawuwa pofuna kuthokoza amene anandisamalira, chifukwa kunena zoona ndinali wodwala wovuta.

Chinayamba ngati kabala kosaoneka n'komwe pamwamba pa kakolo, nditadzigunda ku mpando. Kwa miyezi yambiri ndinkangopakapo mankhwala ogula ndekha, koma chinkakulirakulira n'kumachucha madzi onunkha, moti ndinayamba kuchita manyazi kukhala pagulu.

Ndikuthokoza kwambiri anamwino amene anandikhazika pansi n'kundifotokozera gwero la vutoli. Anati timavavu ta m'mitsempha yobwezera magazi ku mtima, timene timaletsa magaziwo kubwerera m'munsi, tinafooka, choncho magazi ankadikha m'munsi mwa mwendo n'kumautupitsa, ndipo khungu lotupa chotero silipola ngakhale mutapakapo chiyani. Asanandimange bandeji yothina anandiyeza shuga, kenako anayerekeza kuthamanga kwa magazi pa kakolo ndi pa mkono, popeza kumanga kotereku n'koopsa kwa munthu amene mitsempha yake yopititsa magazi kumapazi ili yotsekeka. Ulendo uliwonse ankatsuka chilondacho ndi madzi a mchere a kuchipatala ndi kuchotsa mnofu wakufa.

Ndivomere pano kuti masabata oyambirira ndinkamasula bandejiyo usiku chifukwa cha kuyabwa, m'mawa n'kuikulunganso mwachinyengo. Iwo anazindikira tsiku lomwelo poona mmene inalili yokhwepa, koma sanandikalipire. Anangotenga kalilole n'kundionetsa timinofu tofiira timene tinayamba kumera m'mphepete mwa chilondacho, n'kunena kuti kutupa kukabwerera timeneti tifa. Kuyambira pamenepo sindinaikhudzenso.

Kwa mayi a kunyumba mawu akundichepera. Inu ndi amene munkachapa nsalu zogonera zonunkha popanda kukwinya nkhope, munkasanjikiza mapilo kuti phazi likwere kuposa pamene pali mtima, ndiponso munkandikakamiza kuyenda madzulo aliwonse mutamva kuti akatumba ndiwo amakankhira magazi kumtunda. Nthawi zina ndinkakuyankhani mwaukali, ndipo ndikupepesa pamaso pa onse. Anzanga a kuntchito, zikomo pondisinthira ntchito yoimirira tsiku lonse ija.

Anamwino andichenjeza kuti zilonda zamtunduwu zimakonda kubwerera, choncho ndiyenera kuvala masokosi othina m'mawa uliwonse mwendo usanayambe kutupa. Mayi awapachika kale pa mpando wa pafupi ndi bedi, womwe uja ndinadzigundako.