Zimene ndaphunzira pa ngozi ya pa doko la Port Chicago

Pa 17 Julaye 1944, nthawi ya 10:18 usiku, doko la asilikali apamadzi la Port Chicago ku California linaphulika. Anthu 320 anafera pomwepo, ena 390 anavulala. Mwa omwalirawo, 202 anali asilikali achikuda a ku America, omwe ntchito yawo inali kupakira mabomba m'sitima zopita kunkhondo ya ku Pacific. Bwalo lofufuza silinapeze bomba limene linayamba kuphulika, poti onse amene akanafotokoza anathera pomwepo. N'chifukwa chake powerenga nkhaniyi ndakhazikika pa kagwiridwe ka ntchitoyo, chifukwa pamenepo mpamene pali zambiri zodziwika.

Mabomba ankabwera m'mabogi a sitima ya pamtunda mpaka padoko penipeni. M'mabogimo ankathinana kwambiri moti anyamata ankachita kuwakanula ndi zitsulo, kenako n'kuwagubuduza kapena kuwakankha pa tingolo, kuwaika mu ukonde, makina n'kuwakweza ndi kuwatsitsira m'zipinda za katundu za sitima. Pansipo gulu lina linkawasanja n'kuwatchinga ndi matabwa kuti asagwedezeke panyanja. Ntchito inkayenda usana ndi usiku, gulu lililonse maola 8.

Vuto linali liwiro. Akuluakulu anaika mlingo wa matani 10 pa ola pa chipinda chilichonse, ndipo matani a gulu lililonse ankalembedwa pa bolodi kuti onse aone. Mabwana ena, omwe onse anali azungu, ankabetcherana kuti gulu la yani lipambana. Munthu wothamangitsidwa chotero saima kuti akonzetse mabuleki a makina, ndipo bomba likagunda khoma la sitima amangopitiriza. Anyamatawa sanaphunzitsidwe mokwanira kagwiridwe ka zophulika. Bungwe la anthu wamba opakira katundu m'madoko linadzipereka kuwaphunzitsa, koma silinamvedwe. Ambiri anauzidwa kuti mabombawo sangaphulike chifukwa alibe kachipangizo koyatsira, pamene usiku umenewo ankapakiranso mabomba oyatsa moto okhala nako kale, komanso mabomba ophulikira m'madzi okhala ndi mankhwala ophulika otchedwa Torpex, amene sachedwa kuphulika akagundidwa poyerekeza ndi ena otchedwa TNT.

Usikuwo padoko panali sitima ziwiri. Ya E. A. Bryan inali itasenza kale matani pafupifupi 4,600, ndipo inanyenyekeratu. Inzake, Quinault Victory, yatsopano imene inali isanayambe n'komwe kupakiridwa, inadukaduka n'kuponyedwa m'madzi. Makina oyezera zivomezi ku Berkeley anajambula kugwedezekako. Matupi 51 okha ndi amene anazindikirika.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi zimene zinatsatira. Mabwana opulumuka anapatsidwa tchuthi cha mwezi umodzi. Asilikali achikuda, omwe ena mwa iwo anatola ziwalo za anzawo ndi manja awo, sanapatsidwe. Pa 9 Ogasiti anawatuma kukapakiranso mabomba padoko lina la asilikali ku Mare Island, kagwiridwe kake komweko. Amuna 258 anakana. Mwa iwo, 50 anaimbidwa mlandu wogalukira ku Treasure Island, ndipo mu Okutobala onse anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 15, zomwe kwa ambiri zinachepetsedwa pambuyo pake kukhala zoyambira 8 mpaka 12. Loya Thurgood Marshall wa bungwe lomenyera ufulu wa anthu achikuda la NAACP anakhala nawo m'khotimo ndipo anawachitira apilo. Ambiri anatulutsidwa mu Januwale 1946, koma mlandu unawakakamira pa dzina. Ngakhale chipepeso cha mabanja anachitsitsa kuchoka pa madola 5,000 kufika pa 3,000 phungu John Rankin atadziwa kuti ambiri mwa omwalira anali achikuda. Dzina la amuna okana aja linayeretsedwa pa 17 Julaye 2024, patatha zaka 80, onse atamwalira kale.

Malo achikumbutso anatsegulidwa mu 1994 m'mphepete mwa Suisun Bay, pomwe mitengo yotsala ya doko lija ikuonekabe m'madzi, ndipo mayina a omwalira analembedwa pamiyala. Malowa ali mkati mwa bwalo la asilikali lomwe likugwirabe ntchito, choncho wofuna kukaona ayenera kulembetsa pasadakhale. Ena mwa amene sanazindikirike anaikidwa ku manda a Golden Gate National Cemetery ku San Bruno. Pamiyala yawo palibe dzina. Palembedwa kuti ndi msilikali wapamadzi wosadziwika, ndi tsiku la 17 Julaye 1944.