Ulendo wa sitima ya ku Durban: munthu amagwera bwanji m'nyanja?

Chaka chikamapita kumapeto, nkhani ya sitima zapamadzi zokayenda nazo alendo za ku Durban imayamba kumveka pakati pa anthu athu a ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku mu Harare. Ena ndi amayi a chipereganyu amene asonkha chaka chonse, ena ndi ana ofuna kuthokoza makolo, ena ongokwatirana kumene. Njira yake ndi yodziwika: basi ya pa Roadport kudzera ku Beitbridge ndi Johannesburg mpaka ku Durban, kapena ndege kwa amene thumba lawalola. Sitima zimanyamukira pa Nelson Mandela Cruise Terminal kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo, ndipo maulendo aafupi, a masiku atatu kapena anayi, amapita ku Portuguese Island kapena ku Pomene, ku Mozambique. Ambiri mwa ife tinakulira kutali ndi nyanja ndipo kusambira sitidziwa, choncho funso limene agogo amafunsa asanalongeze n'komwe chikwama ndi lakuti, "Nanga ndikakagwera m'madzi?" Funsoli ndi lanzeru, ndipo liyenera kuyankhidwa mosabisa.

Mukangokwera, pitani kaye kumphepete kwa deki, bwalo la panja loyendapo anthu pa sitima, mukayime pafupi ndi mpanda wotchingira. Muona kuti munthu wa msinkhu wapakati umamufika pamwamba pa mchombo, wamfupi umamufika pachifuwa. Pamwamba pake pali thabwa losalala kapena chitsulo chogwirira, m'munsi muli galasi lochindikala kapena zitsulo zoyandikana. Lamulo la ku America la mu 2010, lotchedwa Cruise Vessel Security and Safety Act, limati mpanda umenewu usachepere mainchesi 42, omwe ndi masentimita pafupifupi 107, ndipo pa sitima zikuluzikulu za masiku ano mupeza msinkhu wa cha pamenepo kapena kuposerapo. Kulemera kwa thupi la munthu kumakhala cha m'chiuno. Chiuno chikakhala pansi pa mpanda, ngakhale mutaterereka pa deki yonyowa mugwera mkati mwa sitima, mubulala bondo, koma m'nyanja simufika. Kuti munthu adutse pamwamba pa mpanda, chiuno chake chiyenera kukwezedwa kaye: wakwera pampando, wakhala pa mpandawo, waponda chitsulo cha m'munsi, wanyamulidwa, kapena wadumpha mwadala.

Bungwe la makampani a sitimazi, CLIA, linawerengera kuti pakati pa 2009 ndi 2019 panachitika ngozi zogwera m'nyanja zokwana 212, kuphatikiza alendo ndi ogwira ntchito, ndipo opulumutsidwa anali 48 okha. Poyerekeza ndi mamiliyoni a anthu okwera chaka chilichonse, 212 ndi ochepa kwambiri, ndiye agogo asaope kukwera. Koma nambala yachiwiriyo ndi imene iyenera kutigwira mtima. Kugwa n'kosowa, koma wagwayo kawirikawiri sabwerera.

Choyamba chimene chimagwetsa anthu ndi mowa. Pa sitima pamagulitsidwa dongosolo lolipiriratu zakumwa za ulendo wonse, ndipo munthu amene walipira ndi ndalama zovutikira amafuna kuti ndalama yake ibwerere pakhosi. Amayamba m'mawa pa dziwe losambira, dzuwa likumuwotcha, madzi osamwa, n'kufika usiku miyendo itayamba kale kukana. Kunyumba woledzera amagwera mu ngalande anthu n'kumutola. Pano pansi pamagwedezeka, ndipo mseru wa mowa umakumana ndi mseru wa mafunde. Apa ndi pamene pamachitika chinthu chimene ambiri sachiganizira: munthu akufuna kusanza, amathamangira ku mpanda, amayimira pa zala za kumapazi kapena kuponda chitsulo kuti masanzi asagwere pa khonde la anzake a m'munsi, mutu ndi chifuwa zili kunja, sitima n'kupendekeka pang'ono. Zatha. Amene wagwidwa ndi mseru apite kuchimbudzi kapena atenge timatumba ta pepala timene amaika m'makonde ndi pa masitepe nyanja ikavuta. Ndipo amene mwatsagana naye akaledzera, musamusiye yekha m'chipinda cha khonde loyang'ana kunyanja. Mugonekeni chammbali, tsekani chitseko cha khonde, khalani naye.

Chachiwiri ndi zithunzi ndi masewera. Kukhala pa mpanda nsana utaloza kunyanja kuti chithunzi chikongole pa WhatsApp, kuyimirira pa tebulo la pakhonde, kudumphira khonde la chipinda choyandikana chifukwa khadi lotsegulira laiwalika mkati. Kudumphira khondeku ndi koopsa kwambiri, chifukwa chotchinga pakati pa makonde awiri chimakakamiza munthu kutulutsa thupi lonse kunja, ndipo zitsulo zimakhala zoterera ndi chinyezi cha mchere. Onjezani mphepo. Sitima ikamathamanga makilomita 37 pa ola kulowera kumene kukuchokera mphepo ya makilomita 30 pa ola, amene ali pa deki yapamwamba amamva mphepo ya pafupifupi makilomita 70 pa ola. Chipewa chikauluka, chisiyeni chipite. Mukapeza chingwe chatchinga njira yopita ku deki ina, amalinyero atseka dala.

Za ana ndiye tiziwerenge modekha. Mwana wamng'ono sangadutse mpanda ali chiimire, koma mpando wa pakhonde akaukankhira kumphepete wapeza makwerero. Komanso nthawi zina amene amamukweza ndi wamkulu, mwachikondi, kuti aone nyanja. Mu Julayi 2019 mwana wa miyezi 18 anamwalira pa doko la San Juan ku Puerto Rico atagwa pa zenera lotsegula la deki 11 ya sitima ya Freedom of the Seas, agogo ake aamuna atamunyamulira pazenerapo. Mu Juni 2025 kamtsikana kanagwa m'sitima ya Disney Dream ikuchokera ku Bahamas, bambo ake n'kudumphira, ndipo onse awiri anawatola ndi boti amoyo. Anthu anawayamikira bambowo, ndipo mtima wa kholo tonse tikuudziwa, koma kunali kowala, madzi anali ofunda, ndipo anthu anaona pomwepo. Kukanakhala usiku, amalinyero akanafunafuna mitu iwiri m'malo mwa umodzi. Mukalowa m'chipinda muli ndi ana, kokerani mipando ndi tebulo kukhoma, yesani loko wa chitseko cha khonde, ndipo mwana asatulukeko popanda wamkulu. Pa deki, mwana wa mnzako ngwako yemwe: mukaona wina akukweza mwana pa mpanda, lankhulani.

Pali chifukwa china chimene kwathu timachinong'ona. Ena mwa ogwera m'nyanja amadumpha okha chifukwa cha kusweka mtima: ngongole, banja losokonekera, matenda a maganizo, mkangano wa usiku womwewo utasakanikirana ndi mowa. Ogwira ntchito m'sitima, amene amakhala miyezi yambiri kutali ndi kwawo, nawonso zimawagwera. Ulendo suchiritsa munthu amene wanyamuka ali ndi bala mumtima. Ngati m'bale wanu wakhala akunena zoti moyo watopa nawo, mufunseni mosapita m'mbali, musamusiye yekha usiku, ndipo dziwani kuti m'sitima muli dokotala, anamwino ndi achitetezo usana ndi usiku. Nambala yawo ili pa foni ya m'chipinda. Ndewu nazonso zimathera ku mpanda, ndipo pakhala milandu ya anthu okankhidwa. Mukamva mkangano woopsa pakhonde loyandikana, imbani foni. Si kulowerera za eni.

Tsono tione chimene chimachitika munthu akagwa. Makonde ambiri ali mamita 20 kapena 30 pamwamba pa madzi. Wogwa kuchokera pa mamita 30 amafika pamadzi pa liwiro la makilomita pafupifupi 87 pa ola, ndipo pa liwiro limenelo madzi safewa: nthiti zimathyoka, mpweya umathawa m'chifuwa, ena amakomoka pomwepo. Akapulumuka apo, amakumana ndi kuzizira. M'madzi ozizira thupi limakoka mpweya lokha mwadzidzidzi, ndipo mutu ukakhala pansi pa madzi munthu amakoka madziwo. Kumbali ya Durban ndi Mozambique madzi ndi ofunda chifukwa cha mtsinje wa m'nyanja wotchedwa Agulhas, koma kumbali ya Cape Town ndi Namibia mtsinje wa m'nyanja wotchedwa Benguela umabweretsa madzi ozizira kwambiri, oti m'mphindi zochepa manja amaleka kugwira.

Sitima nayo siyima ngati kombi. Pa liwiro lake la nthawi zonse imayenda mamita 600 pa mphindi imodzi. Sitima ya mamita 300 imakhala itamudutsa munthuyo m'masekondi 30, ndipo pakatha mphindi khumi ili makilomita 6 kutsogolo. Chimene chimaoneka pamadzi ndi mutu wokha, kukula ngati dzungu, ukubisika ndi kuonekera pakati pa mafunde. Usiku palibe chooneka.

N'chifukwa chake amene waona ndiye mwini moyo wa mnzakeyo. Mukaona munthu akugwa, kuwani mwamphamvu, mawu ake achingerezi ndi akuti man overboard, ndipo nenani mbali: kumanja kapena kumanzere kwa sitima mukayang'ana kutsogolo. Ponyani mphete yoyandama imene ili pafupi. Mphetezi ndi zofiirira ngati lalanje, zolemera makilogalamu awiri ndi theka kapena kuposa, zopachikidwa m'mphepete mwa deki, ndipo malamulo a padziko lonse a chitetezo cha panyanja, otchedwa SOLAS, amafuna kuti sitima ya alendo ya mamita 240 kapena kuposa ikhale nazo zosachepera 30. Zina zili ndi nyali yoyaka yokha ikakhudza madzi, zina zili ndi utsi wofuka mphindi 15. Ngakhale mphete igwere kutali ndi munthuyo, yasonyeza malo, ndipo iyenda ndi madzi kumene iye akuyenda. Kenako lozani ndi dzanja, maso osachotsa pa iye ngakhale pang'ono, wina ndiye athamange kukauza wogwira ntchito aliyense kapena kuimba foni. Mukacheuka kamodzi, simumupezanso. Musadumphire.

Uthenga ukafika kwa oyendetsa, amadina batani losunga malo enieniwo pa GPS, amaliza lipenga katatu motalikitsa, ndipo pa zokuzira mawu mumamveka mawu achinsinsi. M'sitima zina amati Oscar katatu, dzina la mbendera ya chilembo O imene imatanthauza kuti munthu wagwera m'madzi. Njira yodziwika yobwezera sitima ndi ya Williamson. Amapinda chiwongolero chonse kumbali imene munthu wagwera. Sitima ikapatuka madigiri 60, amachipindira chonse kumbali inayo, ndipo ikatsala madigiri 20 kuti iloze kumene yachokera amachiwongola. Ikatero imabwerera m'mapazi ake enieni, chinthu chofunika kwambiri usiku. Kenako amatsitsa boti laling'ono lothamanga, amalinyero atayima m'mbali zonse ndi nyali ndi zoonera patali. Amadziwitsanso likulu la zopulumutsa panyanja, lomwe ku South Africa lili ku Cape Town, ndipo sitima zina zapafupi zimakakamizidwa ndi lamulo kubwera kudzathandiza.

Zonsezi zimayenda bwino ngati nthawi ikudziwika. Vuto lalikulu ndi la munthu amene wagwa 2 koloko usiku popanda womuona, abale n'kudzazindikira pa kadzutsa. Amayamba kuitana dzina lake pa zokuzira mawu, kusecha zipinda, kubweza makamera ola ndi ola. Pakadutsa maola asanu ndi limodzi sitima yayenda makilomita oposa 200. Zipangizo zozindikira zokha munthu akagwa, za makamera oona kutentha kwa thupi, zilipo, ndipo muyezo wake wa ISO 21195 unatuluka mu 2020, koma si sitima zonse zili nazo. Zambiri zili ndi makamera ongojambula. Choncho gulu lochokera ku Harare ligwirizane tsiku loyamba: aliyense akhale ndi mnzake womuyang'anira, ndipo pakhale nthawi yoonana usiku musanagone. Wina akasowa, nenani msanga. Kuli bwino kuchita manyazi atapezeka akuvina kusiyana ndi kudikira kuti kuche.

Opulumuka alipo. Mu Ogasiti 2018 mayi wina wa ku Britain anagwa m'sitima ya Norwegian Star kufupi ndi Croatia n'kutoledwa patatha maola pafupifupi khumi. Mu Novembala 2022 bambo wina anagwa m'sitima ya Carnival Valor ku Gulf of Mexico n'kupezeka wamoyo patatha maola oposa 15. Onsewa anali m'madzi ofunda. Wogwera m'madzi asathamangitse sitima, sangaipeze. Mphindi yoyamba ndi yolimbana ndi kupuma basi. Kenako agone chagada, makutu m'madzi, chibwano m'mwamba, manja atatambasula, zovala osavula chifukwa zimasungako kutentha. Akapeza mphete alowemo, apinde mawondo pachifuwa, asunge mphamvu zokweza dzanja boti likayandikira. Madzi a m'nyanja asamwe.

Malo amene munthu wosaledzera, wosasewera, angathe kugweradi m'madzi ndi pa Portuguese Island. Pamenepo palibe doko la sitima yaikulu, ndiye imaima patali ndipo alendo amatsikira m'maboti ang'onoang'ono. Boti limakwera ndi kutsika ndi funde pamene sitima ili phee, ndipo mpata wa pakati pake umatseguka n'kutsekeka. Mangani jekete yoyandamitsa mpaka lamba athine, chifukwa yolendewera imakwera kumaso mukalowa m'madzi. Chikwama chikhale kumsana, foni m'thumba, manja onse awiri opanda kanthu. Amayi, chitenje chikwezeni pang'ono ndipo valani nsapato zomanga, osati patapata. Mmalinyero akatambasula dzanja, musamugwire zala ngati mukupereka moni: gwirani mkono wake pamwamba pa mfundo ya dzanja, iye agwire wanu chimodzimodzi. Dikirani mawu ake, ndipo akati tsopano, pondani kamodzi osabwerera m'mbuyo. Agogo atsogole wachinyamata ali pambuyo pawo, ndipo mwana aperekedwe kwa mmalinyero, asadumphe naye mayi ali kumsana.