Mayeso 15 m'malo mwa 27

Ndinabwera ku Johannesburg ndi chizolowezi cha ku koleji: sintha chinthu chimodzi, yesa, kenako sintha china. Mu labu yathu ndinataya milungu itatu ndikulimbana ndi mapiritsi ochedwa kusungunuka. Ndikachepetsa mphamvu ya makina opanikiza, ankaphwanyikira m'botolo. Ndikaiwonjezera, ankauma gwa! ngati chimanga chokazinga.

Amayi ena a ku Zomba, omwe ndi akulu athu pa ntchito, anayang'ana kope langa n'kuseka. "Achimwene, mphamvu ya makina, zomatira ufa ndi zophulitsa piritsi, zinthu zitatuzi zimakokana. Simungaziyese pachokhapachokha."

Anandionetsa response surface methodology, njira yoyesera zinthu zingapo nthawi imodzi, yomwe George Box ndi K. B. Wilson anafalitsa mu 1951. Tinatsata dongosolo la mayeso la Box-Behnken la mu 1960: mphamvu ya makina, mankhwala omatira ufa ndi mankhwala ophulitsa piritsi m'madzi, chilichonse pa milingo itatu. Kuyesa zonse kukanafuna mayeso 27, ife tinachita 15. Atatu mwa amenewo anali obwereza, a pakatikati, kuti tione kusiyana kongobwera mwangozi. Poyamba ndinkawaona ngati kuwononga ufa.

Pulogalamu ya pakompyuta ya Minitab inajambula chithunzi chonga phiri, ndipo nsonga yake, yosonyeza milingo yabwino koposa, inali pamalo pomwe ine sindikanayesa n'komwe: mphamvu yochuluka ndithu, koma zomatira zochepa.

Komabe a SAHPRA, bungwe loyang'anira mankhwala ku South Africa, safuna chithunzi chokongola, amafuna umboni. Tinapanga mabachi (magulu a mapiritsi) atatu pa milingo imeneyo, onse anasungunuka m'nthawi yomwe kompyuta inalosera. Madzulo ake ndinakawagulira amayiwo usipa kwa anzathu ogulitsa ku Yeoville.